Tisagulitse dimba chifukwa cha mawu akuti loboti

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanuyi ndifotokoze nkhani imene inatsala pang'ono kutidyera dimba la kwathu ku Ntcheu. Ine ndine namwino wa ku fiyeta. Ntchitoyi ndinaiyambira pa chipatala china cha boma kumudzi konko, ndipo tsopano ndatha zaka zambiri ndikuigwirira kuno ku England, m'chipinda chimene masiku ena timachita opaleshoni ndi makina otchedwa loboti, masiku ena popanda makinawo. Zonse ziwiri ndaziona ndi maso, zida zake ndazigwira ndi manja. Ndiye ndikamva abale anga akutchula loboti ngati mankhwala ochiza chilichonse, mtima sundilola kukhala chete.

Achemwali anga aakulu, mphunzitsi wa pulayimale, anavutika zaka zitatu ndi zotupa za m'chiberekero. Sizinali khansa, koma akapita kumwezi magazi ankachita kutayika, mpaka tsiku lina anaona chidima ali pa bolodi, ana a sukulu n'kuwagwira. Madokotala anati chiberekero chichotsedwe, poti ana anabereka kale anayi. Anawalemba pa mndandanda. Tsiku litafika anabwezedwa chifukwa kunalibe magazi oti awaike zinthu zitavuta. Ulendo wachiwiri anagona ndi njala usiku wonse pokonzekera, m'mawa kunafika anthu a ngozi ya minibasi, fiyeta n'kudzaza. Madokotala aja sindikuwaimba mlandu, inenso ndinabwezapo odwala motero mtima ukundiwawa. Koma achimwene athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatopa nazo. Anatenga mapepala a sikani n'kupita nawo ku chipatala china cholipira cha kumeneko.

Anabwerako ndi mitengo iwiri. Wina unali wa opaleshoni yoboola timabowo pamimba, imene madokotala amati laparoscopy. Winawo unali wa opaleshoni yomweyo, koma ya loboti. Titaphatikiza zimene aliyense akanatha kusonkha, ya timabowo tinkaikwanitsa movutikira, ya loboti ayi.

Pa gulu lathu la WhatsApp nkhani inagamulidwa tsiku lomwelo, ine ndili pa ntchito. Potsegula foni madzulo ndinapeza mauthenga mbwee, onse akuloza kumodzi. Uyu akuti makina salakwitsa. Uyo akuti dzanja la munthu limanjenjemera. Amalume, eni mbumba, anatumiza mawu akuti: "Moyo sagula pamsika. Ngati chabwino ndi lobotiyo, dimba la kudambo lija lipite, kachewere tidzalima kwina." Mayi athu okha ndiwo anafunsa funso lenileni, poti iwo maloboti amene amawadziwa ndi magetsi a pamsewu a ku Lilongwe aja. Anati: "Kodi mwana wangayo akamucheka ndani, munthu kapena chitsulo?"

Yankho lake ndi munthu. Loboti imeneyi siganiza, sisankha pocheka, siyenda yokha ngakhale pang'ono. Imene ili m'zipatala zambiri pa dziko lonse imatchedwa da Vinci, imapangidwa ndi kampani ya Intuitive Surgical ya ku California, ndipo boma la America linaivomereza m'chaka cha 2000. Ili ndi mikono inayi imene imaweramira wodwala ngati kangaude. Dokotala amakhala pakona m'chipinda chomwecho, atavula nsapato, nkhope ataizika m'chibokosi choonera, zala zili m'timphete, mapazi ali pa zopondera. Akapinda chala iye, kachitsulo kali m'mimba mwa wodwala kamapindanso. Ife anamwino ndi dokotala wothandizira timakhala pambali pa bedi, tikumumva pa sipika akuti sinthani mkono wachiwiri, pukutani kamera. Dokotala wosadziwa bwino ntchito akakhala pa mpando umenewo, lobotiyo imachita zosadziwa zakezo mokhulupirika.

Opaleshoni ya timabowo wamba ija yakhalapo nthawi yaitali: ndulu yoyamba inachotsedwa motero ku Germany mu 1985. Mimba timaipopa ndi mpweya wa carbon dioxide kuti itukuke, mkati mukhale malo. Kamera imalowa pa mchombo, zida zazitali zoonda zimalowa pa timabowo tiwiri kapena titatu, dokotala ataimirira pambali pa bedi, zidazo zili m'manja mwake, maso ali pa sikirini. Tsono nachi chimene otsatsa malonda satchula: loboti nayo imalowera pa timabowo tomweto. Mpweya ndi womwewo, mankhwala ogonetsa ndi omwewo. Mukaona kapepala kokongola kolonjeza bala laling'ono, ululu wochepa ndi kutuluka msanga m'chipatala, dziwani kuti akuyerekeza ndi opaleshoni yong'amba mimba yonse. Zabwino zimenezo zinabwera ndi timabowo, loboti inangozipeza. Mutafika pa wodi yathu n'kuvundukula pamimba pa odwala awiri, wa loboti ndi wa timabowo wamba, simungaloze kuti uyu ndi uti.

Chimene chimasiyana poyera ndi ndalama. Kugula kokha makinawo ndi madola a ku America pakati pa 1.5 miliyoni ndi 2.5 miliyoni, kutengera mtundu wake. Ndipo walira mvula walira matope: chaka ndi chaka chipatala chimalipiranso madola oposa 100,000 kuti amisiri a kampaniyo azibwera kudzaisamalira, kaya ikugwira ntchito kaya yangokhala.

Koma chimene chimandipweteka ine ndi zida. Sizasi yachitsulo ya laparoscopy timaitsuka, kuiphika m'makina ophera tizilombo, mawa n'kuigwiritsanso ntchito, zaka ndi zaka mpaka itabuntha. Ya loboti ili ndi kachipangizo mkati kowerenga maulendo. Ukailumikiza ku mkono, pa sikirini pamatuluka nambala ya maulendo amene yatsala nawo. Zambiri zimapatsidwa maulendo 10, zina masiku ano anaziwonjezerako pang'ono. Nambalayo ikatha makina amaikana basi, ngakhale iwe ukuiona kuti ikadali yakuthwa. Tsiku loyamba kutaya chida chotere, cha madola 2,000 kapena kuposa, ndinaima kaye ndili nacho m'manja. Ndinakumbukira fiyeta ya kumudzi ija, mmene tinkakhalira masana tikudula ndi kupinda gozi tokha kuti atifikitse Lachisanu, mmene dokotala ankasokera mosamala kuti ulusi umodzi ukwane bala lonse. Kenako ndinachiponya m'bokosi, poti lamulo ndi lamulo. Kampani yopanga makinawa ndalama zake zambiri imazipeza pa zida zimenezi ndi pa kusamalira makina, kuposa pa kugulitsa makina enieniwo.

Palinso nthawi. Mikono inayi ija timaiveka mapulasitiki aukhondo umodziumodzi, kuikankha pang'onopang'ono mpaka pa bedi, kuilumikiza ku timipope tili pamimba. Gulu lozolowera limachita msanga, losazolowera limachedwa, wodwala ali chigonere ndi mankhwala. Mphindi imene yathera pa uyu yachoka kwa wina amene akudikira panja ndi njala, monga anadikirira achemwali.

Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu a pa chala chabe. Tinene kuti makina agulidwa pa madola 2 miliyoni, agwira ntchito zaka 7, ndipo kusamalira ndi madola 150,000 pa chaka. Zonse pamodzi zapitirira pang'ono madola 3 miliyoni. Chipatala chikamachita nawo maopaleshoni 300 pa chaka, wodwala aliyense wasenza pafupifupi madola 1,450 a makina okha, zida tisanaziwerengere. Chikamachita 50 okha pa chaka, aliyense wasenza madola oposa 8,500. N'chifukwa chake chipatala chimene chagula loboti chimafuna iziyaka tsiku lililonse, ndipo n'chifukwa chake chithunzi chake chimakhala pa chikwangwani cha pa geti. Sindikunena kuti madokotala ndi akuba, ayi ndithu, ambiri amene ndagwira nawo ntchito ndi anthu oona mtima. Koma amene wagula chigayo pa ngongole sangafulumire kukuuza kuti chimanga chako ukakonole mumtondo.

Usiku womwewo amalume anandiimbira foni. Anati: "Mphwanga, chodula chimadula pa chifukwa. Iwe uli konko, tiuze zoona." Ndinawauza zimene ofufuza anapeza pa opaleshoni yeniyeni imene achemwali ankafunika. Mu 2013 magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa Jason Wright ndi anzake a ku Columbia University ku New York. Anaunika amayi oposa 260,000 amene anachotsedwa chiberekero pa matenda osakhala khansa m'zipatala 441 za ku America. Mu 2007 loboti inkagwira mayi mmodzi pa 200 alionse, pofika 2010 inali pafupifupi mmodzi pa 10. Nanga amayiwo anapindula chiyani? Zovuta zobwera ndi opaleshoni zinali chimodzimodzi, 5.5 pa 100 kwa a loboti ndi 5.3 pa 100 kwa a timabowo wamba. N'zoona kuti mwa a loboti, amene anagona m'chipatala kupitirira masiku awiri anali ocheperako. Koma mtengo unakwera ndi madola 2,189 pa mayi aliyense. Akonzi, ndalama zonse za umoyo zimene zimathera pa Mmalawi mmodzi pa chaka, kuphatikiza za boma, za mabungwe othandiza ndi za m'thumba mwake, sizifika madola 50. Kachidutswa kowonjezera kokhako ndi chithandizo cha chaka chathunthu cha anthu oposa 40 kwathu.

Wina angati amenewo anangowerenga mabuku a m'zipatala. Chabwino. Kuno ku England, madokotala a ku Leeds motsogozedwa ndi David Jayne anachita kafukufuku wotchedwa ROLARR, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Anatenga odwala 471 a khansa ya kumapeto kwa matumbo m'mayiko 10, n'kuwagawa mwa maere, ena loboti ena timabowo wamba. Malo amenewo ndi othinana, mkati mwa mafupa a m'chiuno, kumene aliyense ankayembekeza kuti loboti iwina mosavuta. Ankafuna kuona kuti ndi angati amene dokotala analephera kumaliza pa timabowo mpaka kung'amba mimba. Kwa a loboti anali 8 pa 100, kwa enawo 12 pa 100, ndipo ofufuzawo anati kusiyanako n'kochepa moti sikungatsimikize kuti loboti ndiyo yapambana. Chimene chinaoneka bwinobwino n'chakuti ya loboti inkatenga nthawi yowonjezera yoposa theka la ola, ndi ndalama zowonjezera pafupifupi mapaundi 1,000.

Musandimve ngati wodana ndi makinawa. Ndimawakonda, ndipo ndaonapo akuchita zodabwitsa. Zida zake kumapeto zimapindika ngati dzanja, pamene za laparoscopy wamba ndi zowongoka ngati ndodo. Chithunzi chimene dokotala amaona n'chokulitsidwa ndiponso choonetsa kuya, ndipo kunjenjemera kwa zala makina amakuchotsa. Pochotsa prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo) ya bambo wa khansa, pamene pamafunika kulumikizanso njira ya mkodzo ku chikhodzodzo m'kamalo kosakwana chibakera, kapena podula chotupa pa impso n'kusoka impsoyo msangamsanga magazi atatsekedwa, ndimaona ndekha kuti ntchito ikuyenda mofewa. Madokotala amene misana ndi mapewa zinawathera pa laparoscopy amapumulako pa mpando uja, ndipo dokotala wosatopa ndi phindu kwa wodwala. Akanakhala achimwene ndiwo akudwala prostate, dokotala wawo n'kukhala woti wachitapo mazanamazana pa loboti, ndikanasonkha nawo mosanyinyirika. Koma pa ndulu, pa appendix, pa chiberekero cha zotupa wamba, dokotala wozolowera timabowo amamaliza bwinobwino ndi manja ake.

Pali chinanso chimene amayi a kwathu ayenera kuchimva, poti Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri pa dziko lonse. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku wotchedwa LACC, wa amayi 631 amene khansayi inali ikadali koyambirira. Ena anawachotsa chiberekero pong'amba mimba, ena pa timabowo, ambiri wamba ndi ena a loboti. Patapita zaka zinayi ndi theka, mwa ong'ambidwa mimba 96 pa 100 anali moyo opanda khansa, mwa a timabowo 86 okha. Zipatala zambiri zinabwerera ku mpeni pa nthenda imeneyi. Choncho mayi amene ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, dokotala akamuuza kuti tikung'ambani, asaganize kuti akumumana zamakono chifukwa cha umphawi. Ngakhale kuno amang'amba.

Amalume anamvetsera mpaka mayunitsi anawathera. Mawa lake tinagwirizana kuti achimwene abwerere kwa dokotala uja ndi mafunso, poti safunsa anadya phula. Ndinawalembera pa foni kuti akawerenge momwemo. "Adokotala, opaleshoni imeneyi pa timabowo wamba mwaichitapo kangati? Kwa achemwali angawa, ndi zotupa mwazionazi, loboti iwonjezerapo chiyani? Mtengo mwalembawu ukuphatikiza zida, dokotala wogonetsa ndi masiku ogona?" Achimwene ankachita manyazi, akuti munthu wamba sungafunse dokotala ngati uli kupolisi. Ndinati achimwene, ndalamazo ndi zathu ndipo mimbayo ndi ya achemwali, kafunseni mwaulemu koma mufunse. Dokotalayo sanakwiye. Anayankha kuti wakhala akuchotsa ziberekero pa timabowo zaka zambiri loboti isanabwere pa chipatalapo, kuti achemwali si onenepa, sanachitidwepo opaleshoni ina pamimba, zotupazo si zazikulu kwambiri, ndipo njira zonse ziwiri kwa iye zinali bwino. Mtengo wa loboti anaulemba chifukwa achimwene ndiwo anayamba kuutchula.

Achemwali anakwera basi, kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, masiku awiri pa msewu munthu wa magazi ochepa. Opaleshoni inachitika pa timabowo wamba. Anagona usiku uwiri, anatuluka ndi timapulasitala tinayi pamimba, ndipo teremu yotsatira anabwerera pa bolodi. Dimba lilipo, amalume akulima.

Chimene chikundidyabe mumtima ndi ulendo umenewo. Mayi wodwala kuwoloka malire atatu chifukwa cha opaleshoni imene zida zake zinatulukira zaka pafupifupi 40 zapitazo. Ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina ogulitsa maloboti adzagogoda pa maofesi a kwathu, atanyamula zithunzi zokongola. Ku South Africa loboti yoyamba inalowa pa chipatala cholipira cha ku Pretoria mu 2013, ndipo cha m'ma 2021 ndi 2022 zipatala za boma za Groote Schuur ndi Tygerberg ku Cape Town zinalandira zawo, iliyonse pafupifupi ma rand 38 miliyoni. Kuno a NHS, oyendetsa zipatala za boma, analengeza mu 2025 kuti akufuna pofika 2035 azichita maopaleshoni a loboti 500,000 pa chaka. Kwatulukanso opikisana ndi da Vinci, monga Versius ya ku Cambridge, Hugo ya kampani ya Medtronic ndi SSi Mantra ya ku India imene ndi yotsikirapo mtengo. Mitengo idzatsika, ndipo nthawi ya Malawi idzakwana. Achinyamata athu amene akuphunzira udokotala wa opaleshoni ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi pansi pa COSECSA, bungwe lophunzitsa madokotala a opaleshoni m'chigawo chathu cha Africa, ndikufuna adzakhale pa mpando umenewo ndithu.

Koma amene adzasaine pepala logula adzayambe wakumbukira kuti zida zowerenga maulendo zija amagula ndi madola, mgwirizano wa amisiri amalipira ndi madola, ndipo mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Ndani mwa ife anamwino sanaonepo makina amtengo wapatali atafunditsidwa nsalu pakona, chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosowa? Gulu la akatswiri la Lancet Commission on Global Surgery linanena mu 2015 kuti anthu 5 biliyoni pa dziko lapansi sapeza opaleshoni yabwino pa nthawi yake ndi pa mtengo woti angaukwanitse. Muyeso umene anapereka ndi wakuti munthu azifika pasanathe maola awiri pa chipatala chotha kuchita zinthu zitatu: kutulutsa mwana pa opaleshoni, kutsegula mimba pa ngozi, ndi kukonza fupa lothyoka lotulukira kunja. M'maboma mwathu ntchito imeneyi akuisenza kwambiri ndi ma clinical officer, ndipo ine ndinaunikirapo mmodzi ndi tochi magetsi atazima, jenereta ilibe mafuta, mwana ali m'njira.

Ndalama ya loboti imodzi ingagule makina a timabowo wamba oposa 10. Akwanira Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Mzuzu ndi Zomba, n'kutsalako a zipatala zina za m'maboma. Nawonso si aulere: amafuna masilinda a mpweya osatha, magetsi odalirika, mmisiri wodziwa kukonza kamera, anamwino odziwa kutsuka zida zoonda zija osazithyola, ndi madokotala opatsidwa nthawi yophunzira. Koma zimenezi n'zimene tingazifikire, ndipo mayi amene wachotsedwa ndulu kapena chiberekero pa timabowo amasiya bedi msanga, womudikirira amachoka pa chitando n'kubwerera kumunda, wina n'kulowa pa bedi lija.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili. Tumizani mtolankhani wanu ku zipatala zinayi zazikuluzi akafunse madokotala ndi anamwino a ku fiyeta, osati akuluakulu okha: makina a timabowo alipo angati, amene akugwira ntchito mwezi uno ndi angati, maopaleshoni achitika nawo angati chaka chino, ndipo pamene aima chikusowa n'chiyani, mpweya, kamera, mmisiri kapena munthu wophunzira. Mayankhowo muwasindikize m'Chichewa, kuti amalume anga awerenge okha.

Ndine wanu,
Namwino wa ku fiyeta,
England